TINDODO TOSAONEKA NDI MASO

Boma la Vubwi liri kum'mawa kwa dziko la Zambia, kumene malire a maiko atatu ayandikana. Munthu wa kumeneko akhoza kulawira m'mamawa, nakagula mcere pa msika wa ku Malawi, nabwerako dzuwa lisanalowe. Ndipo ambiri ali ndi abale ao ku Mozambique. Anthu ace ndiwo alimi a cimanga, nshawa, soya ndi fodya.

Tsiku la 21 Januwale 2023 linalowa m'mabuku. Mvula iri mkati, pa cipatala cina cacing'ono ca m'bomalo anafika naye munthu wotsegula m'mimba koopsa ndi kusanza. Posapita masiku anafikanso ena. Pa 26 Januwale Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti kolera yalowa m'boma la Vubwi. Nthendayo inali itayamba kale kusautsa anthu a ku Malawi kuyambira mu Malici 2022, ndipo kumeneko inapha anthu oposa 1,700.

Koma kutsegula m'mimba kuli kwa mitundu yambiri. Mwana akadya mango osapsa atsegula m'mimba, wina akadya ndiwo zogona atsegulanso. Nanga a cipatala anadziwa bwanji kuti iyi ndi kolera? Iwo anatengako cimbudzi ca odwala napereka kwa anthu opima, ndipo opimawo anapezamo kanthu kamoyo, kakang'ono kopambana fumbi la ufa, kooneka ngati kandodo kokhota. Kandodo kameneko ndiko kanagoneka anthu amphamvu pa mphasa. Kuti munthu akamvetse bwino, ayenera kuyamba wadziwa abale ace, ndi cifukwa cace tizirombo totere tiri ndi maonekedwe amene tiri nao.

Woyamba kuona tiziromboti

Kale, mu mzinda wa Delft m'dziko la Holland, munali munthu wogulitsa nsalu, dzina lace Antonie van Leeuwenhoek. Iye sanaphunzire za udokotala, koma anali ndi luso lopera timagalasi tokuza zinthu, ndiponso mtima wofuna kusuzumira m'ciri conse. Mu 1676 anaona tinthu tamoyo tosawerengeka tikusambira m'madzi amene ananyikamo tsabola. Mu 1683 anapala zoyera za pakati pa mano ace, napalanso za nkhalamba ina imene sinatsukepo m'kamwa cibadwire, naika pansi pa galasi lace. Zimene anaona anazijambula natumiza kwa anthu ophunzira a Royal Society ku London. Pa zithunzizo pali tinthu tozungulira, tina topotana, ndi tina towongoka ngati tindodo.

Tinthu timeneti lero timachedwa mabakiteriya. Liu limeneli linacokera ku Cigriki, ndipo tanthauzo lace ndilo "kandodo". Bakiteriya ali yense ndi selo limodzi lokha. Thupi la munthu, la mbuzi kapena la mtengo linamangidwa ndi maselo osawerengeka, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Koma bakiteriya ndi njerwa imodzi imene ikhala payokha, nidya, nikula, niswana.

Mu 1872 Mjeremani wina wophunzira za zomera, Ferdinand Cohn, anagawa mabakiteriya m'magulu poyang'ana maonekedwe ao. Ozungulira amachedwa *coccus*, ndiko kunena kambeu. Ena a iwo amalumikizana ngati mikanda pa ulusi, ena amaunjikana pamodzi, monga aja opezeka m'mafinya a cithupsa. Alipo ena opotana ngati cingwe. Koma gulu lalikulu ndithu ndilo la tindodo, lochedwa *bacillus* m'Cilatini.

Kucepa kwa tindodoti nkovuta kukhulupirira. Pa rula ya kusukulu pali timizere ta mamilimita. Milimita imodzi itagawidwa magawo 1,000, kandodo ka mtundu wochedwa *Escherichia coli*, kamene kakhala m'matumbo a munthu ali yense, kangatenge magawo awiri okha m'litali mwace. Motero pafunika tindodo 500 tondondozana kuti tidzaze pakati pa timizere tiwiri ta pa rula.

Kandodo sikaikira mazira. Kakapeza cakudya kamatalika kufikira katawirikiza utali wace, pamenepo kamaning'a pakati, nikaduka, ndipo tikhala tiwiri. Pamene cakudya ndi kufunda ziri zokwanira, *Escherichia coli* acita zimenezi pa mphindi 20 ziri zonse. Litatha ola limodzi tikhala 8. Atatha maola 7 tikhala 2,097,152. Mwai wa anthu ngwakuti cakudya cimatha msanga, ndipo kuswanako kumaima.

Ubwino wokhala kandodo

Bakiteriya alibe kamwa, alibe mimba, alibenso mapapo. Cakudya cace conse cimalowera pa khungu, ndipo zotaya zimaturukira pomwepo. Tsono mbali iri yonse ya m'kati mwace iyenera kukhala pafupi ndi khungu, kuti ingafe ndi njala.

Ana oweta ng'ombe adziwa bwino cinthu cofanana ndi ici. Akakwirira mbatata m'phulusa la moto, yaitali ndi yoonda imapsa msanga, koma yaikulu yozungulira imapserera kunja m'kati muli mwauwisi, pakuti moto uli ndi ulendo wautali kuti ufike pakati. Comweconso bakiteriya wozungulira akafuna kukula, pakati pace pamanka natalikira khungu. Koma kandodo kamakula m'litali mokha, osanenepa. Kangatalike cotani, m'kati mwace monse mukhala pafupi ndi khungu monga kale.

Ubwino wina ngwa pa ulendo. Bwato limang'amba madzi niliwongoka, koma licero loponyedwa pa mtsinje limangozungulira. Tindodo tambiri tiri ndi timicira toonda kwambiri, timene timazungulira mofulumira ndi kukankha thupi m'madzi. Ndipo thupi lalitali silipotozeka msanga pa njira yace. Kandodo kakamva kumene kuli cakudya kamalunjika komweko. Kakafuna kukhazikika kamagona cammbali, nikagwira pamalopo ndi thupi lace lonse.

Koma pasakhale wonena kuti mabakiteriya ozungulira anamanidwa. Ambiri a iwo ngaang'ono kwambiri, kotero kuti cakudya sicivuta kufika pakati pao. Ndiponso ambiri sayenda ulendo, angodikira mpweya, fumbi kapena dzanja la munthu kuti liwanyamule. Mtundu uli wonse uli ndi thupi loyenera makhalidwe ace.

Mmene kandodo kamangidwira

Kanthu kofewa kodzala madzi kakasiyidwa kokha kamakhala kozungulira, monga dontho la mame pa tsamba. Nanga nciani cimene cigwira kandodo kuti kasabulungike?

Yankho liri pa njinga. Cubu ca njinga ncofewa, ndipo cikapopedwa cokha cimatupa mosalongosoka, kenaka niciphulika. Koma cikakhala m'kati mwa tayala cimalandira mpweya wambiri osaphulika, nicitenga maonekedwe a tayalalo. Bakiteriya nayenso ali ndi zikuto ziwiri. M'kati muli kakhungu kofewa, kamene madzi a m'thupi mwace amakakankha mwamphamvu. Kunja kwa kakhunguko kuli khoma lolimba, lolukana ngati ukonde, limene akatswiri amalicha *peptidoglycan*. Ulusi wace ngwa mtundu wina wa shuga, ndipo ulusiwo ngwomangidwa wina ndi unzace ndi timfundo tatifupi. Khomalo likacotsedwa, kandodo kamabulungika pomwepo, ndipo m'madzi wamba kamaphulika.

Funso limene linasautsa ophunzira zaka zambiri ndi ili: kanthu kopanda maso ndi manja kadziwa bwanji kuluka khoma lalitali, osati lozungulira? Mu 2001 Jeff Errington ndi anzace ku Oxford, m'dziko la England, anaonetsa kuti pansi pa kakhungu ka kandodo pali timizere ta puloteni yochedwa MreB, ndi kuti timizereto ndito tisunga maonekedwe a thupi. Pambuyo pace ena anapeza kuti timizereto timayenda mozungulira thupi la kandodo, pamodzi ndi zoluka khoma.

Amene anaonapo mwamuna akuluka nkhokwe adzamva msanga. Iye amayamba waimika nsici mozungulira, ndipo poluka amapititsa nsungwi mozungulira momwemo, mzere pamwamba pa mzere. Nkhokwe imanka nitalika, koma kukula kwa mimba yace sikusintha. Kandodo kacita cimodzimodzi, kungoti iko sikaonjezera pamwamba pokha ai. Kamalowetsa mizere yatsopano pakati pa yakale m'mbali mwace monse. Akatswiri akaononga MreB, zoluka zija zimasowa mtsogoleri, ndipo kandodo kamatupa ngati dzungu, nikafa. Mabakiteriya ambiri ozungulira alibe MreB nkomwe.

Khoma limeneli ndilo linga la bakiteriya, komanso ndi pomwe anthu anapezera polowera. Mu 1928 Alexander Fleming, ku London, anaona kuti nkhungu ina imene inamera m'mbale yace yopimira inali kupha mabakiteriya oyandikana nayo. Mu nkhungu imeneyo ndimo munacokera penisilini. Nchito ya penisilini ndiyo kuletsa kumanga timfundo tija. Bakiteriya apitiriza kukula, koma khoma lace latsopano likhala losamangika, ndipo aphulika monga cubu m'tayala long'ambika. Maselo a munthu alibe khoma lotero, ndico cifukwa cace mankhwalawo apha kacirombo nasiya mwini thupi. Komabe penisilini sagonjetsa mabakiteriya onse, ndipo ena amene kale anali kufa naye anapeza njira zomkanira. Kumwa mankhwala otere cimwereimwere, wopanda uphungu wa a cipatala, kumathandiza okanawo kuculuka.

Tindodo ta m'dziko muno

Cifuwa cacikulu cimadza ndi kandodo koonda, kamene Robert Koch, dokotala wa ku Germany, anakalengeza pa 24 Malici 1882. Khoma lace lakutidwa ndi mafuta olimba onga phula. Kamaswana pang'onopang'ono, pafupifupi kamodzi pa tsiku, ndipo mankhwala amavutika kukalowa. Cifukwa cace wodwala amamwa mankhwala miyezi 6 yathunthu. M'zipatala monga ca St Francis ku Katete, opima akhala akupaka makhololo utoto pa kagalasi, ndipo pansi pa maikulosikopu tindodoto timaoneka tofiira pakati pa zobiriwira. Masiku ano kulinso makina opima makhololo mofulumira.

Anthrax ndi nthenda ya ng'ombe ndi nyama za m'thengo. Tindodo tace ntatikulupo, ndipo timalumikizana mutu ndi mutu ngati mfundo za nsungwi. Nyama ikafa, tindodoto timapanga timbeu tolimba timene tikhoza kugona m'dothi zaka makumi angapo. Mu 2011 mvuu zambiri zinafa mu mtsinje wa Luangwa, m'boma la Chama. Pakuti inali nthawi ya njala, anthu anasenda ndi kudya nyama yace, ndipo oposa 500 anadwala. Nyama yofa yokha siyenera kudyedwa, ngakhale nkhuli ikule cotani.

Koma kungakhale kunamizira tindodo kunena kuti tonse ntoipa. Toipa ntocepa ndithu. Mkaka ukasanduka cambiko, kapena thobwa likayamba kuwawasa bwino, pakati pa anchito ace pali tindodo. Ndipo wozula nshawa akayang'ana mizu adzaona timatuza tating'ono. Akang'amba kamodzi kamoyo adzapeza m'kati muli mofiirira. M'menemo mukhala tindodo tocokera m'dothi, timene titenga naitirojeni wa mu mpweya ndi kumsandutsa cakudya ca mbeu. Ico ndico cifukwa cace cimanga cimakondwa m'munda mmene caka catha munali nshawa. Codabwitsa ncakuti tindodoto tikakhazikika m'timatuza ta nshawa timaleka undodo, nititupa kukhala tozungulira, pakuti ulendo watha ndipo cakudya cikudza cokha.

Popeza tindodo tabwino ndi toipa timafanana comweci, maonekedwe okha sakwanira kuchula dzina la kacirombo. Mu 1884 Hans Christian Gram, wa ku Denmark, anapeza njira yopaka mabakiteriya utoto ndi kuwatsuka. A khoma locindikala amasunga utoto woderapo, a khoma lopyapyala amautaya natenga wofiira. Opima amafesanso tizirombo m'mbale za cakudya capadera, naona timene tamera. Ka kolera kamamera timadontho tacikasu m'mbale yace yobiriwira.

Kandodo kokhota

Tsono kandodo kaja ka ku Vubwi dzina lace ndi *Vibrio cholerae*. Woyamba kukaona anali Filippo Pacini, ku Florence m'dziko la Italy, mu 1854, koma anthu a nthawi yace sanasamale mau ace. Koch anakafunafuna ku Egypt mu 1883, nakatsimikiza ku Calcutta, m'dziko la India, mu 1884. Kumeneko anakapeza m'matumbo a akufa ndi kolera, ndiponso m'dziwe limene anthu anali kumwamo ndi kucapamo. Iye anakafanizira ndi mpatuliro, cizindikiro cokhota cija colembedwa pakati pa mau. Mwana wa ku Vubwi angakafanizire ndi nthoci. Kali ndi mcira umodzi ku nsonga, ndipo m'dontho la madzi kamathamanga mothwanima, kovuta kukatsata ndi diso.

Kukhota kwace kunafotokozedwa mu 2017 ndi akatswiri a ku Princeton, m'dziko la America. Iwo anapeza puloteni ina, naicha CrvA, imene imandanda mbali imodzi yokha ya kandodo. Mbali imeneyo khoma limalukidwa mocedwa, pamene mbali inayo likupitirira. Mlimi wolima ndi ng'ombe ziwiri adziwa cimene cicitika ina ikakhala yaulesi: mzere umakhotera ku mbali ya yaulesiyo. Kandodonso kamakhotera ku mbali yocedwayo.

Akatswiriwo anacotsa CrvA, ndipo anapeza tindodo ta kolera towongoka. Tinali tamoyo, tinali kuswana, ndipo m'madzi tinali kusambira. Koma m'zinthu zolimbirako ngati phala tinatsalira m'mbuyo, ndipo m'matumbo a nyama zoyesera tinalephera kukhazikika monga tinzace tokhota. Apa ndipo pagona nkhani. M'kati mwa matumbo a munthu mwakutidwa ndi zoterera zonga mamina, zimene zichinjiriza khungu la matumbowo. Kandodo ka kolera kayenera kuboola zotererazo kuti kafike pa khungu, ndipo kukhota kwace kumakathandiza pa nchito imeneyo.

Kakafika sikalowa m'magazi. Kamangogwira pa khungu la matumbo, nikaswana, nikaturutsa ululu umene ukakamiza matumbo kukhetsa madzi ndi mcere. Cimbudzi cimakhala cotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Munthu wamkulu akhoza kutaya lita imodzi pa ola limodzi. Maso amalowa, miyendo imakokana, khungu likatsinidwa silibwerera msanga, ndipo amene anali kulima m'mawa akhoza kufa usiku wace. Madzi onse otayikawo adzala ndi tindodo tatsopano. Pa dzinja, mvula ikakokolola zonyansa za kuthengo kapena kudzaza zimbudzi, tindodoto timalowa m'zitsime zosaphimba ndi m'mitsinje. Anthu ambiri amene timawalowa sadwala konse, komabe amatituta ndi kutisiya kumene apita, ngakhale kutsidya kwa malire.

Popeza cimene cipha munthu ndiko kutha kwa madzi, mankhwala oyamba ndi madzi omwe. Paketi ya ORS imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Ngati paketi palibe, mu lita imodzi ya madzi owiritsa athiramo masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Shugayo sathirira kukoma ai. Matumbo akamayamwa shuga amakokera pamodzi mcere, ndipo madzi amatsata mcerewo, ngakhale ululu uja ulipo. Wodwala ayambe kumwa pomwepo, namwabe pa njira yonse ya ku cipatala, kumene ofooka kwambiri amapatsidwa madzi a m'mitsempha. Mwa odwala kwambiri osathandizidwa akhoza kufa ngakhale theka. Koma thandizo likafika msanga, mwa anthu 100 sapezeka ndi mmodzi yemwe wakufa.

Kandodo ka kolera sikapirira moto kapena klorini. Madzi owiritsa kapena othira klorini, cimbudzi cokhala ndi civundikiro coletsa nchenche, cakudya codyedwa cikali cotentha, ndi manja osambidwa ndi sopo pa madzi othirira, osati m'beseni limodzi la anthu onse, ndizo zimene zitseka njira yace. Pa maliro a munthu wofa ndi kolera a zaumoyo ndiwo asamala mtembo, cinthu cowawa kwa abale, koma coteteza otsala. Kulinso katemera wakumwa.

Kolera ya 2023 sinathere kum'mawa. Mu Okutobala caka comweco inabuka ku Lusaka, nikula kwambiri, kotero kuti mu Januwale 2024 bwalo la mpira la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala. Masukulu a m'dziko lonse, amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale, anakhala otseka kufikira pa 12 Febuluwale, ndipo ana a ku Vubwi, Sinda ndi Katete anakhala kumudzi masabata 5 oonjezera.

Mafunso

1. Liu lakuti "bakiteriya" linacokera ku cilankhulo citi, ndipo litanthauzanji?
2. Pafunika tindodo tingati ta *Escherichia coli* kuti tidzaze sentimita imodzi?
3. Kandodo kamodzi kakamaduka pakati pa mphindi 20 ziri zonse, tidzakhala tingati atatha maola 3?
4. Fotokozani mmene kuluka nkhokwe kufanana ndi kukula kwa kandodo.
5. Cifukwa ninji penisilini apha bakiteriya koma osaononga maselo a munthu?
6. Zulani phata limodzi la nshawa kapena la soya, muwerenge timatuza ta ku mizu yace, ndipo mujambule zimene mwaona.